Kuchoka pa Kauntala Kufika pa Belo: Zomwe Hara Yataya ndi Kutha kwa Masitolo Akuluakulu

Mu 2022 mabungwe awiri amene kwa zaka pafupifupi 50 ankayendetsa ndalama za mlimi wa m'Malawi, lina pomulipira lina pomugulitsa katundu, anagwa m'chaka chimodzi. ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula zokolola, inatsekedwa kwa kanthawi ndipo antchito ake oposa 3,000 anauzidwa kuti ntchito yatha. People's Trading Centre, yomwe aliyense ankangoti PTC, inagulitsidwa ndi Press Corporation kwa Tafika Holdings pa K6 biliyoni kumayambiriro kwa chakacho, ndipo chaka chisanathe khoti linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe chifukwa cha ngongole. Pa nthawi ya mphamvu zake PTC inali ndi masitolo oposa 100 m'dziko lonse. Inali yomaliza pa mayina atatu amene mibadwo itatu ya Amalawi inkawatchula ikafuna kunena za sitolo yeniyeni. Mandala inasiya kalekale malonda a pa kauntala n'kutsala ndi a galimoto ndi minda. Kandodo inatsala dzina lolozera malo m'matauni.

Nkhanizi zinalembedwa ngati za Blantyre ndi Lilongwe, za eni masheya ndi mabanki. Koma kukula kwa chimene chinatayika kumaoneka bwino munthu akachiyeza kuchokera kutali ndi mizindayo, kumalo ngati ku Hara, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga. Ku Hara sikunakhalepo sitolo ya nsanjika yokhala ndi mbali ya zovala, ya nsapato ndi ya ziwiya. Kuli chigwa cha mpunga, chokhala ndi sikimu ya ulimi wothirira ya mahekitala oposa 200 imene inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, m'nyengo imodzi ndi masikimu ena a m'bomali monga Wovwe ndi Lufilya. Mpunga wa Kilombero wochokera kuno umadziwika m'misika yonse ya dziko lino. Ndalama za mpungawo zinkathera pa kauntala, ndipo ana ena a alimiwo, atamaliza sukulu, ankakaima kuseri kwa kauntala yomweyo ku Karonga, ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Limbe. Ena mwa iwo, amene tsopano ndi agogo, anabwerera kumudzi ndipo akulimanso mpunga.

Boma la Karonga lili ndi mbiri yaitali ndi malonda amtunduwu kuposa maboma ambiri. Kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878 pansi pa abale awiri, John ndi Frederick Moir, inatsegula malo ake ku Karonga mu 1884, patangopita zaka 2 nyumba yake ya Mandala itamangidwa ku Blantyre. Katundu wamkulu amene inkabweretsa anali nsalu, ndipo inkasinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, imene inayamba pakati pa iye ndi kampaniyi mu 1887 n'kumalizidwa ndi boma la atsamunda mu 1895, inali ya ukapolo, komanso inali yolimbirana njira ya malonda yochoka kunyanja ya Malawi kupita kunyanja ya Tanganyika. Choncho nsalu yoyezedwa pa kauntala inafika kuno njanji isanafike ku Blantyre.

Sindikufuna kuti masitolo a nthawi ya atsamunda akumbukiridwe mokometsera. M'masitolo ambiri a azungu m'matauni, munthu wakuda ankagulira pa zenera, osaloledwa kulowa n'kukhudza katundu. Amene anafikitsadi malonda kumidzi anali Amwenye, okhala ndi timasitolo ta malata m'malo ochitira malonda ang'onoang'ono, momwe mlimi ankapeza biriwita, khaki, bulangete, mchere ndi palafini. Kuyambira mu 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linayamba kuwachotsa kumidzi, ndipo pofika mu 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu mokha. M'malo mwawo munabwera Chipiku, yogulitsa katundu wopikulitsa kwa eni magolosale achikuda, ndi PTC, yomwe inayamba mu 1973 pansi pa Press, kampani ya Kamuzu mwini wake. Masitolo ambiri amene Amwenye anasiya kumidzi sanatsegulidwenso bwino. Dongosolo latsopanolo linali la anthu ochepa, lotetezedwa ndi ndale, ndipo mbewu ya kugwa kwake inali mkati mwake kuyambira pachiyambi.

Ngakhale zinali choncho, dongosololo linabala mtundu wa ntchito umene lero watsala pang'ono kutha, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Amene anagwirapo m'masitolo amenewo, mukawamva akufotokoza, sayambira pa malipiro. Amayambira pa kuphunzitsidwa. Mnyamata wa JCE ankalowa ngati wolongedza m'mashelefu kapena wosesa m'sitolo, ndipo pankapita miyezi asanaloledwe kugwira lumo wodulira nsalu. Ankaphunzira kutambasula mpukutu pa kauntala, kuyeza mayadi pa chitsulo chokhomeredwa m'mphepete mwake, kudula motsata ulusi kuti nsalu isapendeke, n'kupinda mwakuti wogula akafike nayo kwa telala isanakwinyike. Ankayenera kudziwa ndi zala kusiyana kwa dirilu ndi popilini, kwa terelini ndi satini, ndiponso kuuza mayi mayadi okwanira diresi la mwana wa zaka 10 popanda kumugulitsa opitirira. Kumapeto kwa mwezi kunali kuwerenga katundu, chitseko chili chotseka, aliyense ali ndi pensulo ndi buku lake, mpaka mabatani ndi timipukutu ta ulusi titagwirizana ndi zolembedwa. Katundu akapereŵera, wina ankayankha. Amene ankaonetsa kukhulupirika ankakwera kukhala kalaliki, kenako wosunga ndalama, kenako manijala wa nthambi, ndipo kampani inkatha kumusamutsa kuchoka ku Rumphi kupita ku Balaka. Anali ndi yunifolomu, tchuthi cha pachaka, kalata ya umboni wa ntchito, ndipo ambiri anali ndi penshoni.

Zimenezi zingaoneke zazing'ono kwa amene sanaone mmene zinkasinthira banja. Sitolo yaikulu inali sukulu ya zamalonda ya anthu amene sanafike ku koleji. Munthu ankatulukamo akudziwa kulemba mabuku a ndalama, kuwerengera phindu, kuitanitsa katundu nyengo yake isanafike ndi kulankhula ndi kasitomala wovuta. Magolosale ambiri amene anakhalitsa m'malo ngati Uliwa ndi Chilumba ankadalira luso la mtundu umenewu. Malipiro a pamwezi a munthu mmodzi ku tauni ankalipira fizi ya abale angapo kumudzi ndi kugula feteleza wa munda wa makolo.

Panja pa sitolo, pakhonde, pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi. Sitolo inkagulitsa nsalu, telala n'kuisandutsa chovala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ntchito ziwirizi zinkadalirana kotheratu, ndipo kavalidwe ka nthawiyo kanachokera pa mgwirizano umenewu. Bambo wa ntchito ankavala kabudula wa khaki wosita mpaka kuthwa, masokosi ofika m'mawondo ndi nsapato za Bata. Mphunzitsi ankasoketsa safari suti. Amayi ankasoketsa bulauzi ndi siketi yaitali ya nsalu imodzi ndi duku, atsikana n'kumavala nsapato za pulasitiki zija ankati sofiya. Lamulo la kavalidwe la 1973, Decency in Dress Act, linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo linakhalapo mpaka nyengo yosintha ndale ya 1993 ndi 1994. Linali lamulo lopondereza ndipo n'zabwino kuti linachoka. Koma mwa zotsatira zake zosayembekezereka, linapangitsa kuti zovala zambiri zosokedwa kunja zisakhale ndi msika kuno, ndipo telala wa pakhonde anapindula.

Kumpoto kuno kavalidwe kanali ndi gwero lina. Amuna amene anapita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ku Copperbelt, ku Southern Rhodesia kapena ku Joni kudzera ku Wenela ankabwera ndi masutikesi a majekete, zipewa ndi mataye, ndipo matelala akumudzi ankatengera masokedwewo. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo utayambiranso sunabwerere pa kukula kwake kwakale mpaka unatheratu mu 1988. Amene akufuna kuona kavalidwe ka nthawi imeneyo kakuyenda apite kukaonera malipenga. Akabudula oyera, malaya ositidwa, masokosi aatali ndi mataye a ovina guleyu ndi chikumbutso chamoyo cha zimene kauntala ndi khonde zinkatulutsa, ndipo gulu lililonse linkapikisana ndi anzake pa ukhondo wa yunifolomu monga momwe linkapikisanirana pa kuponda kwa mapazi.

Kumbuyo kwa kauntala kunali fakitale. David Whitehead and Sons inayamba kuwomba nsalu ku Blantyre mu 1967, ndipo pa nthawi yabwino inkalemba ntchito anthu zikwi zingapo. Inkagwiritsa ntchito thonje la m'dziko muno, la ku Chigwa cha Shire, ku Salima, ku Balaka ndi kuno ku Karonga, komwe ku Ngara kunali makina ochotsa njere. Thonje la mlimi wa m'mbali mwa nyanja linkapita kummwera n'kubwerera ngati chitenje kapena khaki wa yunifolomu ya mwana wake. Ndalama zinkazungulira m'kwacha kuyambira kumunda mpaka pa thupi la munthu. Kampaniyi inafooka m'zaka za m'ma 1990, Lonrho inachokamo, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa kwa Mapeto pa mtengo wa pafupifupi K73 miliyoni, umene antchito ndi anthu ambiri anaudandaula kuti unali wotsika kwambiri. Fakitaleyo ikadalipo, koma siikuvekanso dziko. Thonje nalo latsatira njira yomweyo. Cha mu 2012, boma litaikapo ndalama zapadera, zokolola zinafika pafupifupi matani 100,000. M'zaka zina zaposachedwa zatsika kufika pansi pa matani 20,000, ndipo lochuluka la thonje lochepalo limatuluka m'dziko lisanapotedwe kukhala ulusi.

Zifukwa za kugwaku zimalumikizana, koma choyamba ndi mphamvu ya ndalama. Mu 1980 kwacha imodzi inkaposa dola imodzi ya ku America. Mu 1993 dola inkagulidwa ndi makwacha osafika 5. Kwacha inasiyidwa kuti iziyenda yokha pa msika mu February 1994, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikutsika: mu May 2012 inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, mu May 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti kufika cha pa K1,700. Sitolo yaikulu imagula katundu wambiri pasadakhale, imalipira lendi, magetsi, msonkho ndi antchito okhazikika. Ndalama ikamatsika chonchi, katundu amene yagulitsa lero sakwanira kugula wolowa m'malo mwake mawa. Venda wa pamsika amakweza mtengo m'mawa womwewo. Kampani ya nthambi 100 singathamange chotero.

Chachiwiri ndi kutsegulidwa kwa malire a malonda, komwe kunayamba ndi mapologalamu a World Bank ndi IMF kuyambira mu 1981 n'kukula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ziphaso zoitanitsira katundu zinachotsedwa, misonkho ya pa malire inatsika, ndipo kaunjika analowa mwamphamvu. Palibe telala kapena fakitale imene ingapikisane ndi malaya amene mwini wake ku Ulaya kapena ku America anawapereka ulere. Katswiri wa zachuma Garth Frazer, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008, anapeza kuti zovala zakale zolowa mu Africa zinachititsa pafupifupi 40 peresenti ya kutsika kwa kusoka zovala m'mafakitale a mu Africa ndi pafupifupi theka la kutha kwa ntchito m'gawoli pakati pa 1981 ndi 2000. Ku Zambia, kumene kaunjika amati salaula, fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Ife tinakhala ndi kanyengo ka chiyembekezo pamene lamulo la AGOA la mu 2000 linatsegula msika wa ku America, ndipo mafakitale a ku Blantyre ankatumiza kumeneko zovala za madola oposa 20 miliyoni pa chaka chapakati pa zaka za m'ma 2000. Koma ankasoka nsalu yochokera ku Asia, ndipo malire a kuchuluka kwa zovala za ku China ndi maiko ena atachotsedwa pa 1 January 2005, maoda anayamba kuchepa ndipo mafakitale ambiri anatseka.

Ku Karonga kuli chifukwa chachitatu, cha malo. Mbeya ili pafupi ndi Hara kuposa Lilongwe. M'nthawi ya chipani chimodzi, ubale ndi Tanzania unali wozizira ndipo katundu wa kumpoto ankachokera kummwera, pa msewu kapena pa sitima ya Ilala imene inkaima ku Chilumba. Msewu wa ku Songwe utatseguka ndi kukonzedwa, njira inatembenuka. Lero chitenje chimene mayi wa ku Hara amavala ku tchalitchi nthawi zambiri chadutsa ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Kyela, ndipo chochuluka chinadindidwa ku Tanzania, ku India kapena ku China. Amayi ambiri a m'bomali apeza moyo pa malonda odutsa malirewa, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Koma mtengo wa chitenjecho umawerengedwa m'mashilingi ndi m'madola, pamene mpunga umalipidwa m'kwacha.

PTC yokha inali ndi matenda akeake: ngongole kwa opereka katundu, mashelefu opanda kanthu, ndi kuchedwa kusintha pamene Shoprite inatsegula ku Chichiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo Chipiku ndi Sana zinayamba kukula. Komabe amene amanena kuti vuto linali utsogoleri wokha ayenera kufotokoza chifukwa chake Shoprite, kampani yaikulu kwambiri ya masitolo mu Africa, inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake 5 a m'Malawi n'kuchoka.

Mtengo wa zonsezi uli m'magawo osafanana kukula. Waukulu ndi wa ntchito. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Karonga lokha linali ndi anthu oposa 365,000. Ogula zovala achuluka kanayi, koma ntchito zolembedwa zowomba, kusoka ndi kugulitsa zovalazo zachepa. Kafukufuku wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito ali m'ntchito zosalembedwa. Ogulitsa zovala lero ndi ambiri kuposa kale, koma ali pansi pa mtengo kapena pa thebulo la pamsika, opanda tchuthi, opanda penshoni, opanda wowaphunzitsa, ndipo belo limodzi loipa limatha kumaliza mpamba wonse. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linafika pamene olemba ntchito amene akanalitsatira m'gawoli anali akutha. Mnyamata wa MSCE wa ku Hara amene zaka 40 zapitazo akanayamba ngati wolongedza n'kudzapuma ali manijala, lero amasankha pakati pa munda wa makolo umene wagawidwa kale kangapo, kabaza, kapena basi ya ku Johannesburg.

Wina ndi wa luso. Telala sanathe, koma ntchito yake yafupika. Ambiri amakhalira kuchepetsa mathalauza a kaunjika, kuika zipi ndi kusoka mayunifolomu a sukulu kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro. Odziwa kudula jekete kuchokera pa nsalu yosadulidwa, kuika mkati mwake ndi kukhazika kolala akukalamba, ndipo achinyamata amene akuphunzira kusoka sapeza kasitomala wokwanira woti awaphunzitse ntchito yovuta chotero. Luso la mtundu umenewu likadumpha mbadwo umodzi silibwerera ndi maphunziro a miyezi 6.

Wachitatu unaonekera poyera mu February 2025, pamene mavenda a kaunjika anaguba ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula kuti mitengo ya mabelo ikukwera mopanda malire chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Posakhalitsa nduna ya zamalonda inasinthidwa. Kwa zaka 30 tinkadzitonthoza kuti ngakhale tataya mafakitale, osauka akuvala motchipa. Tsopano zaoneka kuti kutchipako kunkadalira dola. Dziko lolima thonje lafika poti likasowa ndalama zakunja, anthu ake amalephera kugula ngakhale zovala zimene ena anataya. M'masitolo a ku London ndi New York, zovala za m'ma 1970 zimasankhidwa m'milu yomweyo n'kugulitsidwa modula monga zakale zamtengo wapatali, ndipo zotsala ndizo zimamangidwa m'mabelo kubwera kuno.

Kuletsa kaunjika si yankho limene ndingalivomereze lero. Maiko a East African Community anagwirizana mu 2016 kuti athetse malondawa pofika mu 2019. America itaopseza kuti iwachotsera mwayi wa AGOA, Kenya, Tanzania ndi Uganda zinabwerera m'mbuyo, ndipo Rwanda yokha inalimba n'kuchotseredwa mwayi wa zovala mu 2018. Rwanda inali ndi ndondomeko yomanga mafakitale. Ife tikaletsa popanda nsalu yathu, tidzangolanda mavenda chakudya n'kupereka msika wonse ku zovala zatsopano zotchipa za ku Asia. PTC nayo siidzabweranso, ndipo palibe chifukwa choti msonkho wa anthu uidzutse.

Chimene chili m'manja mwa boma ndi msika umene ilo lomwe limalamulira. Ana mamiliyoni a sukulu za pulayimale ndi sekondale amavala yunifolomu, apolisi, asilikali, anamwino ndi oyang'anira ndende nawonso. Buy Malawi Strategy ya 2016 inalimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zachimalawi Lachisanu, koma zitenje zambiri zimene zimavalidwa tsikulo zinawombedwa kunja, ndipo palibe amene amafunsa. Lamulo logulira katundu wa boma likanati nsalu ya mayunifolomu amenewa izichokera ku thonje lopotedwa ndi kuwombedwa m'dziko muno, pa makontrakiti a zaka zingapo, mwini fakitale akanakhala ndi chifukwa chogula makina atsopano ndipo mlimi wa ku Ngara akanakhala ndi chifukwa chobwerera ku thonje.

Palinso ntchito yaing'ono, yotsika mtengo, imene singadikire. Mbiri ya Mandala inalembedwa ndi eni ake, ndipo dzina la John Moir lili m'mabuku. Mbiri ya Amalawi amene anayeza nsalu, kuwerenga katundu ndi kuyendetsa nthambi za Kandodo, Chipiku ndi PTC ili m'mitu mwa anthu a zaka za m'ma 70 ndi 80. Nyumba yosungira mbiri ndi chikhalidwe ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, pamodzi ndi ophunzira mbiri a ku Mzuzu University ndi ku University of Livingstonia, atumize anthu ku Hara, ku Uliwa ndi ku Chilumba akajambule mawu a akuluakulu amenewa m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, ndipo akapemphe mabanja makalata a ntchito, zithunzi, mabuku a miyeso a matelala ndi mayunifolomu akale a malipenga zisanawonongeke.